Tsiku Limene Ndinawasungitsira Bambo

Bambo anga anakana kumwalira Lachinayi limene dokotala anawaikira, ndipo mavuto anga onse anayambira pamenepo.

Ndifotokoze bwino, mungandiyese mfiti. Kunali kumayambiriro kwa Malichi, chipale chikadali cholekeza m'mawondo. Bambo, a Orest Demchuk, mdala wa zaka 81, anali chigonere m'chipatala cha mumzinda ndi chibayo, timapaipi m'mphuno, osazindikira ngakhale ine, mwana wawo mmodzi yekha. Lolemba masana dokotala anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndiitane abale, chifukwa mdalayo akadutsa Lachinayi ndiye mwayi. Ndinakalira m'galimoto mpaka magalasi anachita nthunzi. Nditapukuta maso, chinthu choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali holo.

Ndi mmene ndinabadwira. Ndayendetsa basi ya ana asukulu zaka makumi awiri, ndipo sindinachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikagwidwa ndi mantha, manja anga amafuna chogwira.

Komanso chifukwa ndinali nacho. Tauni yathu ili ndi holo imodzi yokha, ija anamanga agogo athu kuseri kwa tchalitchi atangofika kuchokera ku Ukraine. Ukwati, ubatizo, masewera a bingo, chakudya cha pamaliro, zonse n'momwemo. Amayi anga atamwalira tinapeza holoyo ili ndi ukwati wa eni, moti olira tinakawadyetsera m'chipinda chovulira cha ku bwalo la masewera, monunkha masokosi. Bambo sanadye kanthu tsiku limenelo. Ine ndinalumbira mumtima kuti iwo sadzaperekezedwa choncho.

Lachiwiri m'mawa, nditatsitsa ana kusukulu, ndinapita kwa mayi Halya Boyko, oyang'anira holo. Ndi nkhalamba yowonda, yosaseka wamba, imene yasunga makiyi ndi buku la holo kuyambira ine ndili kamtsikana. Za kompyuta anakana kalekale. Buku lawo ndi lalikulu, lachikuto chobiriwira, ndipo pamsana pake anamangirirapo zolembera ziwiri, pensulo ndi cha inki. Akakulembera ndi pensulo, tsikulo ndi lako mpaka wina wotsimikiza atabwera, ndiye amangokufufuta, iwe osalipira kanthu. Akakulembera ndi inki, palibe angakulande, koma ukasintha maganizo ulipira madola 900.

"Amwalira liti?" anafunsa mayi Halya.

"Dokotala akuti pofika Lachinayi."

"Sindinafunse za dokotala. Akupumabe?"

"Akupuma."

"Ndiye pensulo."

"Pensulo yanuyo mawa kubwera wa ubatizo n'kutifufuta. Inki, amayi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo nthawi yaitali. "Lesia, zaka makumi anayi ndagwira bukuli, sindinalembepo maliro a munthu wamoyo ndi inki."

"Lero muyamba."

Pakamwa panga ndi pamenepo. Mayi Halya anatenga cholembera cha inki n'kulemba pa Loweruka la sabata yotsatira: Orest Demchuk, maliro, anthu 60. Anauzira tsambalo kuti liume, n'kutseka buku. Potuluka ndinadutsa kwa ochapa zovala, n'kusiya suti ya bambo yakuda.

Lachinayi lomwelo, cha m'ma teni m'mawa, bambo anatsegula maso. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana denga, n'kufunsa ngati galimoto yawo ndinailumikiza ku magetsi kuti injini isaume ndi chisanu. Kenako anafuna mano awo. Ndinasangalala mpaka ndinakumbatira namwino wosamudziwa. Ndinena mosabisa, sindinakondwepo choncho m'moyo wanga. Holo ndinaikumbukira ndili pa theka la ulendo wobwerera.

Ndinaimba foni pomwepo, m'mbali mwa msewu. Mayi Halya anati alemekezeke Mulungu, kenako anati madola 900.

Ndinaganiza kuti akuseka. Koma patapita masiku atatu kalata inafika, yolembedwa pamanja, yonena zomwezo. Mwamwayi anaitumiza kwanga, osati kwa bambo.

Ndinalowa m'khitchini ya holo ndi nsapato zachipale zomwe, osagogoda.

"Amayi, mukundilipiritsa chifukwa bambo anga ali moyo?"

"Ndikukulipiritsa chifukwa unati inki."

"Holo yanu sindinaigwiritse ntchito! Palibe amene wakhala pampando, palibe mbale yadetsedwa."

Anandikodola, n'kunditsogolera ku filiji yaikulu ija ya kukhoma, yaitali ngati bokosi la maliro. Atatukula chivundikiro, utsi wozizira unatuluka. M'katimo munali matumba osanjikizana mpaka pakamwa, odzaza ndi mapirogi, timitanda tathu tija ta ufa wa tirigu ndi mbatata. Thumba lililonse linali ndi pepala lomata, ndipo pa pepala lililonse panali dzina limodzi: OREST D.

"Lachitatu kunabwera amayi asanu ndi awiri," anatero. "Kuyambira seveni koloko mpaka madzulo, kuumba, akuimbira bambo ako nyimbo zamaliro. Mayi Paraska anaumba akulira, nyamakazi ili m'zala. A ubatizo ndinawabweza. Ndiye uziti holo sunaigwiritse ntchito?"

Ndinawerenga dzina la bambo anga kakhumi m'chisanumo. Koma mkwiyo sunandichoke.

"Gulitsani mapirogiwo. Ng'ambani tsambalo. Ndani adziwe?"

"Buku ili siling'ambidwa." Anatseka filiji. "Koma njira ilipo, mwanawe. Lamulo likuti wofufuta alipira, wosuntha salipira. Ndipatse tsiku lina basi."

"Tsiku lina la chiyani?"

"La zomwezo."

"Mukufuna ndiwasankhire bambo anga tsiku lofera?"

"Unawasankhira kale kamodzi."

Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanakhala chete. Ndinawauza kuti ali ndi mtima wa mwala, kuti akhala m'holomo mpaka asanduka khwangwala wodikira mitembo. Iwo anangopukuta tebulo.

Ndalamazo zinkandiwawa, sindikana. Milungu itatu ya chipatala inali itandidyera zonse zimene ndinasunga. Koma chimene chinkandisowetsa tulo si chimenecho. Chilichonse cholembedwa ndi inki chimawerengedwa pamsonkhano wa komiti ya holo, Lolemba loyamba la mwezi, dzina ndi chifukwa chomwe, kaya walipira kaya ayi. Ndipo bambo anga akhala m'komiti imeneyo zaka makumi atatu. Lamulo la madola 900 analemba ndi iwowo, chaka china mkwati atathawa n'kusiya nkhuku mazana awiri zokazinga. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: bambo asadziwe kuti mwana wawo anawakonzera maliro iwo akupumabe.

Anatuluka m'chipatala ali mafupa okhaokha, akuyenda ndi ndodo. Dokotala anati milungu isanu ndi umodzi asatuluke m'nyumba. Ndinawerengera n'kuona kuti msonkhano wa Epulo uwadutsa. Ndiye ndinakhala pansi n'kulembera komiti kalata yamasamba awiri, yoyaka moto, yofuna kuti chindapusacho achichotse ndipo nkhaniyo isalowe m'maminitsi. Ndinaipereka kwa tcheyamani, a Metro Kozak, mnzawo wa bambo wa paubwana. A Metro anailandira ngati yotentha.

Tauni yonse inkadziwa, kupatula mwini wake. Amayi asanu ndi awiri sasunga nkhani. Anthu ankabwera kudzawazonda ndi supu, n'kumawayang'ana mopitirira, ngati akufuna kutsimikiza kuti ndi iwodi. Mayi Paraska atawagwira dzanja anadzilemba chizindikiro cha mtanda katatu. Bambo ankangoti, "Anthu awa atani? Ndamera nyanga?" Ine n'kuthawira kukhitchini.

Panali zinanso zimene sindinazilabadire, chifukwa maso anga anali pa holo. Chifuwa chawo sichinkatha. Chakudya ankangochisuntha m'mbale. Tsiku lina ndinawapeza akuika emvulopu ya kuchipatala pansi pa Baibulo, ndipo nditafunsa anati ndi za mankhwala. Mphaka wawo, amene ankagona naye pabedi, anamupereka kwa aneba, ati akuwatsokomoletsa.

Lolemba loyamba la Epulo ndinafika kunyumba kwawo masana ndi mankhwala. Ndinawapeza ataima pabalaza, atameta ndevu, atavala suti yakuda ija. Inkalendewera m'mapewa. Pulasitiki ya kochapa inali pampando.

"Ndani anachapitsa suti yanga?" anafunsa.

"Ine, ababa. Inali ndi fumbi."

"Hmm. Mwana wabwino. Tiye, undiperekeze ku komiti."

"Dokotala anati musatuluke."

"Dokotala ananenanso zina zimene sizinachitike. Makiyi."

Ulendo wa mphindi zisanu umenewo ndinauyendetsa ngati ndanyamula mazira. Ndinayesa kunena za mphepo, za masitepe oterera, za chimfine chimene chikuyenda. Bambo ankangoyang'ana minda kunja, mmene chipale chinkasungunukira n'kusiya dothi lakuda.

Komiti imakumana thu koloko masana, pa tebulo lalitali pafupi ndi khitchini. Panali anthu asanu ndi mmodzi. Bambo atalowa, makapu a khofi anaima m'malere. A Metro ndi amene anayamba kupeza mawu.

"Orest! Kodi kumanda akukana iwe?"

"Anati kwadzaza, ndidikire kaye iwe ulowe, Metro. Sunthira uko, wakhala pampando wanga."

Anaseka onse, kuseka kwaphokoso kopitirira nthabwalayo. Ine ndinakhala pa benchi kukhoma. Mayi Halya anali kumapeto kwa tebulo, buku lobiriwira lili patsogolo pawo, manja ali pamwamba pake. Kuseri kwawo filiji ija inkalira chapansipansi.

Anakambirana za denga lodontha. Anakambirana za mipando yothyoka, ndi za munthu amene amaba tizipuni. A Metro ankatalikitsa nkhani iliyonse, thukuta lili pamphumi. Pamapeto pake anaomba m'manja n'kuti, "Basi, tathera pomwepa, titseke ndi pemphero."

"Buku silinawerengedwe," anatero bambo.

"Aa, mwezi uno mulibe zambiri, Orest."

"Ndipo pansi pa chigongono chako pali kalata. Ndikuiona ngodya yake. Wayamba liti kubisa makalata a komiti?"

A Metro anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinkafuna kuimirira ndinene ndekha, koma ndinachedwa. Ndinamva pepala likufunyululidwa, kenako mawu anga omwe akutuluka m'kamwa mwa a Metro, pang'onopang'ono, ngati mwana woyamba kuwerenga. Ndinasungitsa holo pa maliro a bambo anga. Bambo anga sanamwalire. Kodi ku holo kuno moyo wa munthu wasanduka mlandu? Ndi zina zambiri, za khwangwala zomwe. Polemba ndinkaziona zanzeru. Pomveka zinali zamanyazi zokhazokha.

Bambo anatambasula dzanja.

"Halya, buku."

Mayi Halya analikankhira kwa iwo. Bambo anavala magalasi, n'kutsegula tsamba la Malichi, n'kuyendetsa chala mpaka pa dzina lawo. Anakhala akuliyang'ana. Ndinkadikira kuti atembenuke, andifunse kuti ndinali pa changu chanji. Ndinali nditakonzeka kugwada.

"Sikisite?" anatero. "Lesia, anthu sikisite basi?"

"Ababa..."

"Zaka zonsezi ndakhala m'tauni muno, ndakokera mathirakitala a anthu m'matope, ndakonza denga ili kawiri, iwe n'kundiwerengera anthu sikisite? Galu wa Metro atafa kungabwere oposa pamenepo."

A Metro anaseka ndi mphuno, misozi ili m'maso. Ine mtima unayamba kutsika. Ndinaganiza kuti zatha, kuti mdalayo wazitenga mwanthabwala.

"Za chindapusa," anapitiriza bambo, "mwanayu walakwa. Inki ndi inki. Lamulo ndinalemba ndine, ndipo silisankha mwana wa ndani. Amayi anaumba, a ubatizo anabwezedwa. Komanso Halya si khwangwala, umupepese."

"Pepani, amayi," ndinatero. "Ndilipira, ababa. Ndizilipira pang'onopang'ono."

"Ndani wati ulipire? Lamuloli lili ndi mbali yachiwiri. Wofufuta alipira, wosuntha salipira." Ananyowetsa chala ndi malovu n'kutembenuza tsamba. "Sitifufuta. Tisuntha."

"Orest, usasewere ndi zimenezo," anatero a Metro.

Bambo sanawamve. Anadutsa Epulo. Anaima pa Meyi, n'kupukusa mutu. "Meyi ayi, anthu amakhala akufesa. Sabwera, kapena abwera akung'ung'udza, matope ali m'nsapato." Anatembenuzanso. "Halya, mapirogi amakhala nthawi yaitali bwanji m'filiji osawonongeka?"

"Miyezi itatu. Akapitirira amauma m'mbali."

"Anaumbidwa m'Malichi." Anawerenga ndi zala, milomo ikuyenda. "Zikukwana. Loweruka lachiwiri la Juni palibe kanthu. Kufesa kudzakhala kutatha, maukwati asanayambe."

Ndinaimirira. "Ababa, nthabwala imeneyi yakwana. Tiyeni kunyumba."

"Khala pansi, Lesia."

Mawu awo sanali aukali, ndipo n'zimene zinandiopsa. Anavula magalasi n'kuwapinda bwinobwino.

"Chibayo chinatha," anatero. "Koma pojambula mapapo anaona chinthu china kuseri kwake. Chakula kale, sangachichotse. Dokotala anandiuza tsiku lotuluka, iwe utapita kukatenthetsa galimoto. Anati miyezi iwiri, kapena itatu ndikalimba. Ndinamuuza kuti asakuuze."

"Chifukwa chiyani?" Mawu anga anatuluka ngati a mwana.

"Chifukwa ndimakudziwa. Ndinati mwana uyu akangomva, athamangira kukasungitsa holo." Anamwetulira pang'ono. "Sindinadziwe kuti unandiyambirira kale."

Anakoka chingwe cha zolembera. Pensulo inagwera mbali imodzi, cha inki mbali ina. Dzanja lawo linapita ku cha inki.

"Pensulo!" ndinakuwa. "Ababa, chonde, pensulo. Madokotala amalakwitsa, mwaona nokha. Analakwitsa Lachinayi lija."

"Pensulo wina adzabwera ndi ubatizo n'kundifufuta. Sindikufuna kukadyera monunkha masokosi ngati amayi ako."

Analemba okha, chilembo chimodzichimodzi. Orest Demchuk, maliro. Pa chiwerengero anaima kaye, n'kulemba 120.

"Halya, uitanenso amayi aja adzawonjezere. Koma ulendo uno asalire, mchere umachuluka."

Ndinafika pa tebulo osadziwa kuti ndayenda bwanji. Ndinatsegula chikwama, n'kuyamba kukhuthula zonse, makadi, makiyi a basi, timapepala ta ndalama tokwinyika.

"Amayi Halya, ndilipira lero. Madola 900 onse. Ndikakongola, ndigulitsa galimoto, ndilipira kawiri ngati mukufuna. Ingofufutani. Ndikufufuta, mwamva? Lembani kuti Lesia wafufuta."

Mwezi wathunthu ndinalimbana kuti ndisalipire ndalama zimenezo, ndipo tsopano ndinkazikankhira m'manja mwa mayiyo ngati wopempha. Mayi Halya anasonkhanitsa zinthu zanga n'kuzibwezera m'chikwama chimodzichimodzi. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinaona maso awo ali onyowa.

"Tsiku limeneli si lako, mwanawe," anatero. "Wasungitsa ndi mwini wake. Palibe chimene ungalipire."

Anauzira tsambalo kuti liume, n'kutseka buku.

Bambo anadzuka ndi ndodo yawo, n'kukonza kolala ya suti. Podutsa pa filiji anaima, n'kutukula chivundikiro, n'kuyang'ana matumba a dzina lawo. Anatulutsa limodzi n'kundipatsa.

"Ili tikadye lero," anatero. "Ndilawe ngati akundiperekeza bwino."

Madzulo amenewo ndinawaphikira ndi anyezi wokazinga mu batala, mmene amakondera. Anadya awiri n'kuti ndi abwino. Ine ndinadya otsalawo ndikulira, chifukwa sindikanatha kuwataya.

Basi yanga imadutsa pa holo kawiri pa tsiku. Kale sindinkaiyang'ana n'komwe. Tsopano ndikafika pa tchalitchi ndimayang'ana mbali inayo, ku minda, ndipo kumenekonso kulibe mpumulo. Chaka chino mvula yagwa bwino, mathirakitala ali kalikiliki kuyambira m'bandakucha. Dzulo a Metro anandiimitsa pa positi ofesi n'kundiuza, mosaganiza, kuti kufesa kwayenda msanga, pofika Lachisanu aliyense akhala atamaliza.

Bambo sakutsikanso pabedi. M'mawa uno andifunsa kuti lero ndi pa chani, ndipo nditawauza anagwedeza mutu ngati munthu amene basi yake ikubwera pa nthawi yake.